Mpamba ndi Msika: Mbiri ya Thandizo la Boma pa Malonda a Anthu Akuda ku Amereka

Munthu aliyense wofuna kuyamba malonda asowa zinthu ziwiri, ndizo mpamba wogulira katundu ndi msika wogulitsirapo katunduyo. Nzeru ndi khama zifunikanso, koma wanzeru wopanda mpamba atha masiku ake akugwirira anzake ntchito, ndipo wa mpamba wopanda ogula katundu amuwolera m'nyumba. Mbiri ya anthu akuda a ku United States, dziko limene ambiri alitchula Amereka, ionetsa bwino nkhani imeneyi. Kumeneko anthu akuda ndi ochepa pakati pa Azungu, monga munthu mmodzi pa anthu asanu ndi atatu alionse, ndipo kuyambira m'chaka cha 1865 boma la dzikolo linayesa njira zosiyanasiyana zowathandizira pa malonda. Njira zambiri zinali za pakamwa chabe. Imene inasintha zinthu mooneka ndi iyo yakuti boma lenilenilo lisanduke wogula, ndipo imeneyo ndiyonso inautsa milandu yambiri koposa.

Pamene ukapolo unatha m'chaka cha 1865, anthu pafupifupi 4 miliyoni anamasulidwa, koma anatuluka chimanjamanja, opanda munda, opanda ng'ombe, opanda khasu lawolawo. Mu Januwale chaka chomwecho kazembe wa nkhondo, William Sherman, analamula kuti malo a m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida agawidwe kwa mabanja omasulidwa, banja lililonse maekala osapitirira 40. Chaka chisanathe Pulezidenti Andrew Johnson anabweza malowo kwa eni ake akale, omwe aja anali ndi akapolo. Munda ndiwo ukadakhala chikole choyamba chokongolera ndalama, ndipo potaya mundawo anatayanso khomo lolowera ku banki.

M'malo mwa munda anapatsidwa banki. Pa 3 Malichi 1865 Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo lokhazikitsa Freedman's Savings and Trust Company, ndiyo banki yosungiramo ndalama za anthu omasulidwa. Oyamba kuikamo anali asilikali akuda amene anamenya nawo nkhondo yothetsa ukapolo; pambuyo pawo panadza ochapa zovala, ophika, amisiri a matabwa, mipingo ndi timabungwe tothandizana pa matenda ndi maliro. Ambiri anaika timakobiri tochepa, pang'onopang'ono, ndipo nthambi za bankiyo zinafika 37. Popeza inakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndiponso dzina la Lincoln linamveka pa iyo, anthuwo anakhulupirira kuti boma laima kumbuyo kwa ndalama zawo. Sizinali choncho ayi. Boma linapereka chilolezo chokha, osalonjeza kubweza kanthu bankiyo ikagwa, ndipo panalibe wowauza zimenezi momveka.

Poyamba lamulo linati ndalama zambiri za bankiyo zizikongozedwa kwa boma lokha, kumene sizikadatayika. M'chaka cha 1870 lamulolo linasinthidwa, ndipo akuluakulu oyendetsa bankiyo, amene anali Azungu a mu Washington, anayamba kukongozana okhaokha ndi kukongoza anzawo, kawirikawiri pa chikole chosayenera. Mmodzi wa iwo anali Henry Cooke, mbale wake wa Jay Cooke, mwini kampani yaikulu ya zandalama imene inagwa m'chaka cha 1873 ndi kugwetsa mabanki ena ambiri. Choipa chenicheni chinali ichi: thukuta la wochapa zovala linasanduka mpamba wa Mzungu wolemera, pamene mwini sitolo wakuda, wokhala moyandikana ndi nthambi ya bankiyo, sanapezeko ngongole kawirikawiri. Zinthu zitafika poipa, mu Malichi 1874, anaitana Frederick Douglass, munthu wakuda womveka koposa onse masiku amenewo, amene anathawa ukapolo ali mnyamata, kuti akhale mtsogoleri wa bankiyo, poganiza kuti dzina lake likhazika anthu mitima pansi. Iye anaikamo madola 10,000 a m'thumba mwake. Koma atapenda mabuku anapeza kuti nkhokwe inadyedwa kale ndi chiswe. Mu Juni chaka chomwecho bankiyo inatsekedwa, ndipo anthu oposa 61,000 anali ndi ndalama mmenemo zokwana pafupifupi madola 3 miliyoni. Patapita zaka anabwezeredwa gawo, mpaka magawo 62 pa 100 kwa amene anatha kulondola, koma ambiri sanalandire kanthu, pakuti ena anataya timabuku tawo, ena anasamuka, ena anamwalira akudikira.

Kwa zaka zoposa 50 zotsatira boma silinachitenso kanthu pa nkhaniyi, ndipo anthu akuda anayamba kudzithandiza okha. Malamulo a tsankho a kumwera kwa dzikolo anawaletsa kudya, kugona, ngakhale kumetedwa pamodzi ndi Azungu, ndipo mwa njira yowawa imeneyi anawapatsa msika wawowawo, pakuti wometa, wophika, woika maliro ndi wogulitsa inshuwalansi wakuda anali ndi ogula amene sakadapita kwina. M'chaka cha 1898 John Merrick ndi anzake anayambitsa kampani ya inshuwalansi ya North Carolina Mutual ku Durham. M'chaka cha 1900 Booker T. Washington, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya Tuskegee, anasonkhanitsa amalonda akuda ku Boston nakhazikitsa National Negro Business League. M'chaka cha 1903 Maggie Lena Walker anatsegula St. Luke Penny Savings Bank ku Richmond, nakhala mkazi wakuda woyamba m'dziko lonselo kukhazikitsa banki. Mzimu umenewu unafika ndi kuno komwe: John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, atabwerera kwawo m'chaka cha 1900 anatcha mishoni yake ya ku Chiradzulu Providence Industrial Mission, ndipo dzinalo lionetsa kuti ntchito za manja ndi kudzidalira zinali pamtima pake monga zinalili kwa amene anamuphunzitsa.

Koma msika wa anthu osauka ulemeretsa ochepa, ndipo chuma chopanda chitetezo cha boma chikhala pangozi masiku onse. Pa 31 Meyi ndi pa 1 Juni 1921 gulu la Azungu linatentha Greenwood, dera la malonda a anthu akuda mu mzinda wa Tulsa, ndi kupha anthu ambiri. Makampani a inshuwalansi anakana kulipira. Pamenepo chimene amalondawo anasowa kwa boma sichinali ngongole, koma apolisi ndi makhoti ochita chilungamo, ndipo sanazipeze.

M'chaka cha 1927 unduna wa zamalonda unatsegula kaofesi koona za malonda a anthu akuda, kotsogoleredwa ndi James A. Jackson. Ntchito yake inali kusonkhanitsa ziwerengero ndi kupereka malangizo. Ndalama zokongoza kanalibe. Kanatsekedwa m'chaka cha 1953, chaka chomwe boma linakhazikitsa Small Business Administration, bungwe lothandiza amalonda ang'onoang'ono a mitundu yonse.

Chimene chinadzutsa boma ndi moto. Lamulo la ufulu wa nzika la 1964 linathetsa tsankho m'mahotela ndi m'malo odyera, chinthu chabwino ndithu. Komatu linagwetsanso mpanda uja unasunga ogula akuda m'masitolo a anzawo, ndipo ambiri a iwo anayamba kukagula m'masitolo aakulu a Azungu, kumene katundu anali wotsika mtengo. Nthawi yomweyo m'mizinda munabuka zipolowe, ku Watts m'chaka cha 1965, ku Newark ndi ku Detroit m'chaka cha 1967, ndi m'mizinda yoposa 100 ataphedwa Martin Luther King mu Epulo 1968. Masitolo ambiri amene anatenthedwa anali m'madera a anthu akuda, koma eni ake anali okhala kwina. Richard Nixon, pofuna upulezidenti m'chaka cha 1968, analalikira kuti mankhwala ake ndi akuti anthu akuda akhale eni chuma, poganiza kuti mwini sitolo satentha msewu wake. Atalowa m'boma, pa 5 Malichi 1969, anakhazikitsa Office of Minority Business Enterprise, ofesi yoona za malonda a mitundu yochepa: anthu akuda, olankhula Chisipanishi, ochokera ku Asia ndi mitundu imene Azungu anaipeza m'dzikomo. Kalembera wa chaka chomwecho anapeza kuti anthu akuda anali ndi mabizinesi 163,000, amene onse pamodzi anagulitsa za madola 4.5 biliyoni. Wogawa ziwerengero ziwirizi apeza kuti bizinesi iliyonse inagulitsa za madola osafika 28,000 pachaka, ndipo ambiri mwa mabizinesiwo analibe wantchito ndi mmodzi yemwe, koma mwini wake yekha. Ofesi ya Nixon nayo inayamba yopanda ndalama zakezake zothandizira, ndipo amalonda akuda ambiri anaiona ngati kaofesi ka 1927 kovala malaya atsopano.

Mphamvu yeniyeni inali m'ndime ina ya lamulo la Small Business Administration, yotchedwa 8(a). Boma la Amereka ligula katundu wambiri koposa kampani iliyonse m'dzikomo: yunifolomu za asilikali, chakudya, mapepala, ntchito zomanga ndi zosesa. Mwa ndime imeneyi bungwelo litenga kontrakiti ku unduna wina ndi kuipereka kwa kampani yaing'ono popanda kupikisana ndi makampani aakulu, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 linayamba kuchita zimenezi pokomera makampani a mitundu yochepa. Kuti phindu la njirayi limveke, wowerenga aganizire za mmisiri womanga nyumba. Boma silipereka ntchito yaikulu kwa womanga wopanda kampani yomuimira, yolonjeza kulipira iye akalephera; kampani yomuimirayo sivomera munthu amene sanamalizepo ntchito yaikulu; ndipo banki sikongoza munthu wopanda kontrakiti m'manja. Chotero wosayambapo sakhoza kuyamba. Mwana wa Mzungu womanga analowa pa dzina la atate wake, ndipo makontrakitala aakulu anagawira ntchito zazing'ono anzawo odziwana nawo kale; koma wakuda, ngakhale anali mmisiri woposa, anazungulira kunja kwa mpanda wopanda chipata. Kontrakiti imodzi ya boma inamtsegulira zonse zitatu, pakuti inali msika, inali umboni wa luso lake, ndiponso inali pepala lopita nalo ku banki.

Kumene njirayi inaoneka bwino koposa ndi ku Atlanta, mzinda waukulu wa m'chigawo cha Georgia. M'chaka cha 1973 Maynard Jackson, wa zaka 35, anasankhidwa kukhala meya woyamba wakuda wa mzindawo, ndipo anapeza kuti pa ntchito zonse zimene mzinda unapereka kwa makampani, a mitundu yochepa sanalandire ngakhale gawo limodzi pa 100. Nthawi imeneyo mzinda unali kukonzeka kumanga nyumba zatsopano pa bwalo lake la ndege, ntchito ya madola pafupifupi 500 miliyoni. Jackson ananena kuti magawo 25 pa 100 a ntchitoyo apite kwa makampani a mitundu yochepa, ndipo kuti kampani yaikulu yofuna kontrakiti ipeze inzake ya anthu akuda yogwira nayo limodzi ndi kugawana nayo phindu. Amalonda achizungu a mumzindawo anakwiya, nanena kuti makampani otere kulibe, ndi kuti ntchito idzachedwa ndi kukwera mtengo. Iye anaimitsa ntchitoyo kufikira atavomera. Makampani aja anati kulibe anapezeka. Nyumbazo zinatsegulidwa mu Seputembala 1980, pa nthawi yake ndiponso popanda kupyola ndalama zimene zinakonzedwa, ndipo pofika m'chaka cha 1978 gawo la mitundu yochepa pa ntchito za mzinda linali litapitirira magawo 30 pa 100. Herman J. Russell, amene anayamba ngati wopaka pulasitala, anakula nakhala mmodzi wa omanga akuda aakulu m'dziko lonse. M'chaka cha 2003, Jackson atamwalira, dzina lake linawonjezedwa pa dzina la bwalo la ndegelo.

Kunena zoona, chuma chimenechi sichinatsikire kwa onse. Chinapanga gulu la anthu akuda olemera ndi apakati, chinthu chimene chinali chisanaoneke pa mlingo wotere, koma osauka a ku Atlanta anakhalabe osauka. M'chaka cha 1977 antchito otola zinyalala, ambiri a iwo akuda, ananyanyala ntchito pofuna malipiro okwera, ndipo meya yemweyo anawachotsa ntchito mazanamazana. Kuthandiza mwini kampani ndi kuthandiza wantchito wake ndi nkhani ziwiri, ngakhale andale akonda kuzinena ngati imodzi.

Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse inatsata njira yofananayo. M'chaka cha 1977, popereka madola 4 biliyoni a ntchito zachitukuko, inavomera pempho la Parren Mitchell, phungu wakuda wa ku Maryland, lakuti magawo 10 pa 100 apite kwa makampani a mitundu yochepa, ndipo m'chaka cha 1980 Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula kuti lamulolo nloyenera. Koma walira mvula walira matope. Popeza lamulo linati kampani iwerengedwe ya mtundu wochepa ngati munthu wa mtunduwo ali ndi magawo 51 pa 100, ena anayamba kubwereka mayina: munthu wakuda analembedwa pa pepala ngati mwini, nalandira kangachepe, pamene eni enieni anali ena. Mlandu womveka unali wa kampani ya Wedtech ya ku Bronx mu mzinda wa New York, imene inalandira makontrakiti a asilikali a madola pafupifupi 250 miliyoni popanda kupikisana, mwa ziphuphu ndi mwa kubisa eni ake enieni. Inagwa m'chaka cha 1986, ndipo phungu Mario Biaggi anapita kundende chifukwa cha iyo. Makampani ena, oona mtima ndithu, anazolowera kuyamwa kwa boma, osaphunzira kupikisana pa msika wamba. Nchifukwa chake m'chaka cha 1988 lamulo linaika malire akuti kampani isakhale mu 8(a) kupitirira zaka 9.

Chinagwetsa njirayi si akuba ayi, koma funso lakuti kodi boma liloledwa kuwerenga nzika zake potsata khungu, ngakhale pofuna kukonza choipa chakale. Funsoli linafika ku khoti kuchokera ku Richmond, mzinda wa Maggie Walker uja, umenenso unali likulu la zigawo zakumwera pa nkhondo yoteteza ukapolo. Theka la anthu a mumzindawo linali la akuda, koma pa zaka zisanu zofika 1983 makampani a mitundu yochepa analandira magawo 0.67 okha pa 100 a makontrakiti aakulu omanga. Mphunzitsi wofuna chitsanzo cha masamu a magawo ali nacho apa: ndiye kuti dola imodzi pa madola 150 alionse. M'chaka cha 1983 khonsolo ya mzinda inalamula kuti kontrakitala aliyense apereke magawo 30 pa 100 a ntchito yake kwa makampani a mitundu yochepa. Mlandu unayambira pa kanthu kakang'ono, kuika zimbudzi zachitsulo m'ndende ya mzindawo, ntchito ya madola 126,000 ndi pang'ono. Kampani ya J. A. Croson, imene inali yokha yopempha ntchitoyo, inalephera kukwanitsa magawo 30 aja, inalandidwa ntchito, ndipo inasuma.

Mu Januwale 1989 Bwalo Lalikulu linagamula mokomera Croson, oweruza 6 kutsutsana ndi 3. Woweruza Sandra Day O'Connor analongosola kuti sikokwanira kunena kuti tsankho linalipo m'dziko lonse. Mzinda uyenera kuonetsa umboni wa tsankho m'ntchito zomanga za mumzinda momwemo, ndipo uyerekeze makontrakiti ndi chiwerengero cha makampani okhoza ntchito amene alipo, osati ndi chiwerengero cha anthu onse. Anadabwanso kuti khonsoloyo inalemba pa mndandanda wake ngakhale mitundu ya ku Alaska, imene mwina sinakhalepo ku Richmond. Pamenepo ndiye khonsolo inadzikola yokha, pakuti inangokopera mndandanda wa lamulo la 1977 osaganiza. Koma pa mfundo yaikulu chigamulocho chinali ndi dzenje. Makampani a anthu akuda anali ochepa chifukwa cha tsankho lomwelo, ndipo kuyesa chilungamo ndi chiwerengero chawo kuli ngati kuwerenga nkhuku zotsala fisi atadutsa, nkunena kuti khola linali lotero chiyambire. Thurgood Marshall, woweruza woyamba wakuda m'bwalolo, anatsutsa kolimba, nakumbutsa anzake kuti mzinda umene unali likulu la eni akapolo udziwa bwino tsankho lake, ndipo sufunika kuphunzitsidwa za ilo.

Chaka chomwecho khoti lalikulu la ku Georgia linathetsa lamulo la Atlanta, ndipo mizinda yambiri inaimitsa malamulo ake kapena kuwalembanso. Panabadwa ntchito yatsopano, ya akatswiri olembedwa ndi mizinda kuti afufuze ndi kulemba umboni wa tsankho umene makhoti anafuna, ndipo ndalama zambiri zinapita kwa iwo ndi kwa maloya. M'chaka cha 1995, pa mlandu wa kampani ya Adarand, wokhudza zitsulo zotchinga m'mbali mwa msewu ku Colorado, Bwalo Lalikulu linaika muyeso wolimba womwewo pa boma la dziko lonse, oweruza 5 kutsutsana ndi 4.

Ofesi ya Nixon ija, imene m'chaka cha 1979 inatchedwa Minority Business Development Agency, inakhala zaka zoposa 50 pa lamulo la pulezidenti lokha, kufikira Nyumba ya Malamulo inaikhazikitsa mwa lamulo lake m'chaka cha 2021. M'chaka cha 2023 khoti la ku Tennessee linaletsa Small Business Administration kuyesa munthu woponderezedwa chifukwa cha mtundu wake wokha, ndipo pambuyo pake ofuna kukhala mu 8(a) anauzidwa kuti aliyense alembe yekha mbiri ya mmene tsankho linamupwetekera. M'chaka cha 2024 woweruza wa ku Texas analamula kuti Minority Business Development Agency ithandize anthu a mitundu yonse, Azungu omwe. Ndipo mu Malichi 2025, zaka 56 chikhazikitsire ofesiyo, Pulezidenti Donald Trump analamula kuti ichepetsedwe kufikira pa ntchito zokhazo zimene lamulo likakamiza.